Thumba Lomaliza la Mai Inki

Pafakitale yofinya mabulosi, dzina lawo lenileni linaiwalika. Onse ankangoti Mai Inki, chifukwa zikhatho zawo zinadetsedwa ndi zipatso mpaka sopo anagonja.

Ntchito yawo inali kupala nkhambi m'makina: makoko ndi tinjere totsala madzi a zipatso akapita m'mabotolo. Kwa anzawo zinali zinyalala. Iwo poweruka ankatapira m'thumba n'kusenza.

"Mai Inki, nkhumba zanu zanenepa bwanji?" kapitawo ankawaseka pageti.

"Ndi imodzi yokha, bwana. Yandevu, yonyada pakudya."

Nkhumba yandevuyo inali amuna awo, amene kale ankayendetsa lole koma tsopano anali chigonere, m'kamwa muli zii. Chakudya chilichonse ankachitembenuzira nkhope kukhoma. Namwino wina anauzapo Mai Inki kuti zabwino zambiri za chipatso zimatsalira m'khoko. Basi anayamba kuyanika nkhambi, kuzisinja, n'kumawaza ufa wake wowawasira m'phala. Phala limenelo lokha ndi limene linkatsika.

"Amayi, mwandiphikiranso inki?" bamboyo ankatero, mbale atagwira kale.

"Idyani, mwina mulemba nayo kalata."

Koma nkhambi zili ndi lamulo lake: sizigona m'thumba. Ukafika nazo, yala pomwepo zipitidwe mphepo. Mai Inki sankaphonya, ngakhale msana ukane.

Tsiku lotseka nyengo ya mabulosi anasenza thumba lalikulu kuposa onse, loti liwafikitse chaka chamawa. Atangolitula pakhonde, anamva amuna awo akubanika m'chipinda. Anathamanga nawo kuchipatala, thumba lili chimangire.

Kumeneko masiku anapita. Bamboyo anakana zonse za m'wodi. Ufa wakale utatha m'kachitini, anawagwira dzanja mkazi wawo.

"Kainki kaja, amayi. Supuni imodzi yokha."

Mai Inki anathamangira kunyumba. Fungo linawalandira asanakwere pakhonde. Atamasula thumba, nkhambi zinali zitasasa, chuku chili mbuu. Anapisa mkono mpaka pansi kufunafuna zabwino, koma munali motentha ngati m'dzala.

Kufakitale anapeza makina atatsukidwa, akuwala.

"Mayi, mpaka zipatso zipsenso," mlonda anatero.

Anabwerera kuchipatala ndi phala loyera. Bamboyo analiyang'ana, kenako anayang'ana zikhatho za mkazi wawo, zimene zinali zitayamba kuyera.

"Inki yatha eti?" Anayesa kuseka. Supuni sanaigwire.

Bamboyo sanafike nyengo ina ali moyo.

Makina atayambanso kulira, kapitawo watsopano, atamva za thumba la Mai Inki koma osamva zonse, anawasungira nkhambi zoyamba.

"Akuti muli ndi chiweto kwanu, mayi?"

Anzawo anazyolika. Mai Inki analandira ndi manja awiri, n'kusenza. Atafika kunyumba sanakhale pansi, sanamwe ngakhale madzi. Anayala nkhambi zonse pakhonde, mopyapyala, mmene zimafunikira.