Matailosi a Achimwene

Bambo athu atamwalira, amayi anatsala okha m'nyumba yathu ya kwa Mphunzi. Malata ake anali atadyeka ndi dzimbiri, moti mvula ikagwa amayi ankatchera mabeseni paliponse. Ine ndinkagulitsa kachewere pamsika wa pa Boma, ndipo ndinali nditasunga kangachepe koti tiyambire denga.

Kenaka kunatulukira achimwene anga aakulu, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe. Anazungulira nyumbayo manja ali m'thumba, atavala nsapato zosongoka, ngati bwana woyendera esiteti.

"Denga lidikire," anatero. "Pano pakufunika matailosi ndi zipilala pakhonde. Anthu opita kutchalitchi azidziwa kuti pakhomo pano panabadwa munthu wophunzira."

"Achimwene, simenti ikukwera mtengo tsiku ndi tsiku," ndinawauza. "Amayi akugona ponyowa. Tiyambe ndi malata, zinazo tidzaona zinthu zikadzakhala bwino."

"Iwe umadziwa za kachewere. Za nyumba tisiyire ife."

Amayi sanatsutse. Mwana wawo wamwamuna akalankhula amangoti, "Mwaona bwino, bambo." Kangachepe kanga kanapita komweko.

Mmisiri anaswa simenti yapansi, imene inalibe vuto lililonse. Matailosi oyera asanafike n'komwe pakati pa balaza, ndalama ya kwacha inagwa mphamvu, zinthu zinakwera m'masitolo, ndipo achimwene anasiya kuyankha foni. Zipilala ziwiri zinaima pakhonde popanda choti zisenze, zitsulo zitatulukira pamwamba. Koma chithunzi anali atajambula kale, ataima pakona yomalizidwayo, n'kutumizira abale onse kuti aone mmene akusamalira amayi awo. Denga silinaoneke pachithunzipo.

Mvula yoyamba itagwa, madzi anadonthera pa matailosi, amayi anaterereka n'kuthyoka dzanja. Ndinawaperekeza kuchipatala ndekha. Wophunzira uja anatumiza uthenga woti amayi aziyenda mosamala, poti sanazolowere zinthu zamakono.

Itafika nyengo yozizira, pa matailosi paja panali posapondeka ndi kuzizira. Aliyense wa kwathu ku Dedza kuno akanawauza achimwene zimenezi, koma iwo sanafunse aliyense. Amayi anayalapo masaka a feteleza, kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda.

Ine ndinayambiranso. Ndinkagula malata limodzilimodzi, ena ogwiritsidwapo kale, ndipo matabwa a paini ndinawapeza kwa ocheka a kuphiri. Denga linatha mvula ina isanabwere, lamawangamawanga, koma losadontha.

Achimwene anabwera pa Khirisimasi ndi mnzawo wa kuntchito, kudzamuonetsa nyumba. Atapeza masaka aja ndiponso mulu wa kachewere pakona yawo yokongola, nkhope inagwa.

"Amayi, mukuwononga katundu wodula," anatero.

Amayi anawayang'ana, akusisita dzanja lawo lopindikalo. "Ngati mukuwafuna matailosi anuwo, bambo, azuleni mupite nawo ku Lilongwe."

Sanawazule. Anadya nkhuku n'kubwerera tsiku lomwelo.