Wakuseri Anasunga Gawo Lachiwiri

Shopu ya makatani imene bambo awo anawasiyira inali ndi zipinda ziwiri. Cha kutsogolo chinali ndi galasi lalikulu, mipando ya makasitomala ndi achimwene ake. Cha kuseri chinali ndi makina awiri, tebulo lodulirapo nsalu, kazenera koyang'ana khoma la eni ake, ndi iye. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakhala m'chipinda chimenecho, mpaka anthu anaiwala kuti mayiyu ali ndi dzina. Kasitomala akafunsa kuti makatani atha liti, achimwene ake ankangopotoza khosi n'kunena kuti, "Ndifunse a kuseri." Dzina linamera pomwepo: Wakuseri.

Achimwene akewo anthu ankawatcha Bwana Tayi, chifukwa kaya kutenthe chotani, tayi sinkachoka pakhosi. Tisaname, pakamwa anali napo. Ankatha kugulitsa katani kwa munthu wogona m'nyumba yopanda zenera. Koma kulowetsa ulusi pa singano, aaa, musawanamizire. Sizasi ankaigwira podula zikhadabo basi.

Wakuseri sankadandaula. Ankati shopu ndi ya bambo, dzina ndi la banja, nanga kulimbirana chiyani? Chimene chinamutulutsa m'chipindamo ndi chithunzi. Tsiku lina masana, mayi wa saluni ya pafupi, mnzake wa msinkhu umodzi, analowera khomo lakuseri foni ili m'manja.

"Asisi, chigongono ichi si chanu?"

Bwana Tayi anali atatsegula tsamba pa intaneti. Chithunzi choyamba chinali cha makatani a nyumba ya dokotala wina, amene Wakuseri anawasoka milungu itatu mpaka msana kuuma. Tsiku lowakoleka anajambulitsa awiri, iye ndi achimwene ake. Pa tsambapo panatsala achimwene okha, dzanja lili pa katani, mano onse panja, ndipo m'munsi analemba kuti, "Ntchito ya manja anga." M'mphepete mwa chithunzi munkaoneka kachigongono kokha.

Wakuseri anapita kutsogolo ulusi uli pa duku. "Achimwene, mwandidula?"

"Iwe, malonda suwadziwa," anatero Bwana Tayi, osadzutsa n'komwe mutu. "Anthu amagula nkhope ya bwana. Yakoyo, ndi duku lakolo, ukufuna tithamangitse makasitomala? Bwerera ukasoke."

Mtima unamupsa moti malovu anawawa. Sanatukwane. Sabata yomweyo ananyamula makina ake amodzi, amene anagula yekha, n'kukapeza kachipinda koyandikana ndi saluni. Potuluka analumbira chamumtima kuti sadzapuma mpaka achimwene akewo adzanene ndi pakamwa pawo, pamaso pa anthu, kuti amene ankasoka anali ndani.

Kulumbira n'kosavuta. Miyezi yoyamba inamuonetsa zakuda. Kale pakamwa panali pa achimwene, manja anali a Wakuseri. Tsopano zonse zinali zake, ndipo pakamwa pankadya nthawi ya manja. Foni inkalira asanamalize ngakhale msoko umodzi. "Kodi mumasoka madiresi?" Ayi. "Nanga yunifolomu?" Ayi, makatani okha. "Nsalu ndigule yotani?" Afotokoze kwa theka la ola. Wina amuitane kutsidya kwa tauni kuti akayeze mawindo, akwere mabasi awiri, ayeze nyumba yonse, pomaliza amve kuti, "Timangofunsa, mayi, tikuuzani." Ankabwerera mapazi atatupa, makina ali zii tsiku lathunthu.

Wa saluni ndi amene anamutsegula m'maso. Tsiku lina anamupeza akufotokozera munthu wachinayi kayezedwe ka zenera, mawu atasasa.

"Asisi, mukufuna kufa ndi malovu? Zimene mwanenazi mwanena kanayi lero. Nenani kamodzi, foni iziwanenera enawo. Ine makasitomala anga amabwera atasankha kale tsitsi pa tsamba langa. Ndimangoti khalani apa."

"Ine nkhope yanga yothamangitsa makasitomala ija?"

"Anatero ndani? Munthu wovala tayi padzuwa? Tamangani bwino dukulo, ndikujambuleni."

Anaimika foni pa chitini cha mabatani. Kanema woyamba anali wa mphindi ziwiri: Wakuseri ali pa zenera, tepi m'manja, akuonetsa poyambira ndi pothera. Wachiwiri anali wa nsalu, kuti iyi imatchinga dzuwa, iyi imasuluka, iyi musaigule ngakhale wogulitsayo ndi mlamu wanu. Wachitatu ananena mosapsatira zimene sasoka ndi masiku amene ntchito imatenga. Pa dzina la tsamba wa saluni ankafuna chachizungu chokoma, koma iye anakana. "Lembani Wakuseri. Achimwene akaliona alizindikire."

Sizinachitike tsiku limodzi, koma pomatha miyezi isanu ndi umodzi zinthu zinali zitasintha. A madiresi anasiya kuimba. Anthu ankatumiza miyezo ya mawindo okha, yolondola, chifukwa anaonera kanema. Wobwera pakhomo ankabwera ndi nsalu yoyenera m'jumbo, akumudziwa kale nkhope ndi kalankhulidwe, n'kumupatsa moni ngati mnansi. Makina ankalira kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke ntchito ya tsikulo inali itatha.

Wina akanatenga nthawi yotsalayo n'kumagona masana, kapena kukacheza kwa ana. Wakuseri ayi. Ankaphika tiyi, n'kukhala pampando, n'kutsegula tsamba la achimwene ake. Ankaliwerenga lonse, chithunzi ndi chithunzi, ngati mphunzitsi wochonga mayeso a mwana amene amadana naye.

Apa m'pamene anaona chinthu. Bwana Tayi anali atalemba ntchito atelala awiri. Wakuseri akaonetsa mapindidwe atsopano a pamwamba pa katani Lolemba, pofika Lachisanu mapindidwe omwewo ali pa tsamba la achimwene, ndi mawu aja a manja anga. Kamodzi anati mwina zangochitika. Kachitatu anaona dzina la shopu ya bambo ake pakati pa anthu amene akonda kanema wake. Chala cha wina chinaterereka, ndipo patangopita mphindi chizindikirocho chinafufutidwa. Ha! Ndiye kuti anamutulutsa m'chipinda, koma ankamudyabe thukuta kudzera pa foni.

Sanauze munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwayi unabwera wokha. Bwana Tayi analengeza pa tsamba, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti hotela ina yawapatsa ntchito ya makatani a holo yake: mawindo makumi atatu ndi awiri, otalika kuchokera kudenga mpaka pansi, nsalu yolemera ya veleveti. Wakuseri anaseka yekha m'chipinda. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nsalu yolemera ili ndi khalidwe lake. Ukaikoleka imatsika pang'onopang'ono ndi kulemera kwake, ndipo simatsika mofanana. Wodziwa amaikoleka kaye masiku atatu kapena anayi yosapinda m'munsi, ikamaliza kutsika m'pamene amayeza mpendero ili chikolekere. Bambo awo anamuphunzitsa zimenezi ali mtsikana, achimwene ali kutsogolo kuseketsa makasitomala. Atelala awiri aja anali ozolowera nsalu zopepuka, ndipo iye ankadziwa kumene akafunse nzeru.

Anajambula kanema wa nsalu zolemera, wabwino kuposa onse. Kenako anamudula pakati. Gawo loyamba, la kudula ndi kulumikiza ndi kusoka pamwamba, analiika pa tsamba. Lachiwiri, la kukoleka ndi kudikira, analisunga mu foni. Amayi awiri atatu amene anamulembera kufunsa za mpendero anawayankha kumbali, aliyense payekha.

Wa saluni atazindikira anagwira pakamwa. "Asisi, ndi shopu ya bambo anu iyo. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Fupalo analidula pa chigongono," anatero Wakuseri. "Ine sindinanamize munthu. Ndangochedwa kulankhula."

Makatani anakolekedwa atapindidwa kale pa tebulo, ndipo tsiku loyamba anaoneka bwino zedi. Bwana Tayi anajambulitsa atavala tayi yofiira. Pomatha sabata, veleveti anali atagona pansi, pena pang'ono pena kwambiri, akusesa fumbi la holo. Pa msonkhano wina woperekera zakudya anakodwa mwendo n'kugwa ndi thireyi ya makapu pamaso pa alendo. Nkhaniyi inafika ku saluni tsiku lomwelo, poti nkhani zonse zimafikira ku saluni. M'mawa mwake Wakuseri anaika gawo lachiwiri, ndi mutu wakuti, "N'chifukwa chiyani makatani anu akukwekwa pansi?"

Sipanathe masiku awiri, foni inalira. Anali manijala wa hotela ija, mayi wolankhula mwachidule. Sanafunse kuti mumasoka chiyani kapena munaphunzira kuti. Anati, "Ndaonera makanema anu onse. Bwerani mawa."

Mawa lake Wakuseri anavala duku lake labwino, tepi m'khosi. Atalowa mu holo anapeza achimwene ake ataima pakati, thukuta lili kamukamu, kolala itanyowa. Atamuona anayesa kuseka. "Aa, chemwali, wabwera? Zabwino, tikonza pachibale."

Chemwali! Zaka zonsezi anali iwe.

Manijala anawayang'ana onse awiri, kenako anatulutsa foni. Antchito a hotela anali atasiya kupukuta matebulo. "Bambo, ine ndinakupatsani ntchito chifukwa cha zithunzi izi. Makatani a kwa dokotala awa ndi owongoka ngati khoma. Munalemba kuti ndi manja anu. Ndiye ndiuzeni: manja omwewo ndi amene asoka zinyalalazi?"

Bwana Tayi anakoka tayi, anatsokomola, anayamba za nsalu ya masiku ano, za chinyezi. Manijala analozanso chithunzi cha pa foni chija. Pomaliza mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Ajawo anasoka ndi uyu. Mlongo wanga."

Wakuseri anapendeketsa mutu. "Pepani achimwene, makina anandigonthetsa m'kutu kuchipinda kuja. Mwati bwanji?"

"Ndati unasoka ndiwe! Onse a pa tsambalo akalewo, ndiwe. Ine sindisoka."

Holo yonse inamva, mpaka wokolopa wa pakhomo. Mtima wa Wakuseri unazizira ngati wamwa madzi a mumtsuko. Anaona kuti achimwene ake achita imvi, ndipo kachisoni kanayesa kusuzumira. Anakabweza.

"Ndikonza," anauza manijala. "Ndisula mipendero yonse, ndiyeza ali chikolekere. Koma asanu a kumapetowa asokedwa mokhota pamwamba, ayenera kutsika. Awatsitse amene anawakoleka."

Atelala aja sanabwere tsiku limenelo, manyazi. Manijala analoza makwerero. Bwana Tayi anavula jekete, anakwera mwendo umodzi umodzi, tayi ikulendewera, mpaka anafika kudenga. Kumeneko anapeza timbedza tolowa mu chitsulo, ndipo anayamba kukoka. Anakokera pansi, osatheka. Anakokera kumbali, chitsulo chinalira. Munthu wogulitsa makatani kuyambira unyamata wake sankadziwa kuti kambedza umayamba wakakankhira m'mwamba.

Anayang'ana pansi, maso ofiira. "Chemwali, kodi timatani apa?"

Liwu limodzi likanakwana. Wakuseri anakoka mpando wa hotela, anakhala, anakonza duku lake, n'kupempha woperekera zakudya uja kuti amupatseko tiyi.

"Yesaniyesani, achimwene," anatero. "Ine lero sindikuthamangira kulikonse."