Phiri Loti Tikalirireko Amayi

Amayi anamwalira mwezi wa Juni, kwathu kukuzizira, ku Dubai kukutentha moti chitsulo cha geti sunkachigwira ndi dzanja. Uthenga unandipeza pa ntchito, pa kachipatala kena komwe ndinali namwino. Amalume anaimba foni, mawu akudukaduka, nati maliro aikidwa mawa lake chifukwa kumudzi kulibe kosunga thupi. Ngakhale ndikanamera mapiko sindikanafika. Ndinaika foni pansi n'kubwerera kukabaya jakisoni mwana amene ankandidikira.

Ku Dubai tinalipo awiri a bere limodzi, ine ndi achemwali anga oyamba kubadwa. Iwo anafika kale ine ndisanabwere, ndipo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Twar, m'nyumba yaikulu ya mpanda wautali. Ine ndinkakhala ku Karama, chipinda chimodzi ndi anamwino anzanga ochokera ku India ndi ku Philippines. Tinkaonana Lachisanu limodzi pa mwezi, tsiku limene abwana awo aakazi, omwe tonse tinkangowatchula kuti Madamu, ankawamasula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Kwathu ku Mulanje munthu salira maliro yekha. Abale akakumana koyamba chichitikire zovuta, ngakhale patapita chaka, amagwirana n'kukhala pansi, wamkulu kuyambitsa, wamng'ono kulandira, kumutchula wakufayo, kumufunsa kuti watisiya ndi yani. Anthu amawaleka alire mpaka mawu asase. Kenako mayi wina amabwera ndi madzi m'kapu, n'kuwagwira paphewa, n'kunena kuti basi, zachitika. Zikapanda kutero maliro amakhala sanathe. Ine ndili ku sukulu ya unamwino ndinkazinyoza zimenezi, ndinkati ndi phokoso la azimayi osowa chochita.

Tsopano ndinalifuna phokosolo, koma kolichitira kunalibe. M'chipinda mwathu nthawi zonse munkakhala wina wogona, woweruka ku ntchito ya usiku. Ndinkalirira m'bafa, mpopi uli chotsegula, thaulo lili kukamwa, wina akugogoda kuti akufuna kusamba. Achemwali zawo zinali zoposa. Madamu sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Atamva za malirowo anawakumbatira, anawapatsa zipatso za kanjedza, nawauza kuti apume tsiku limenelo. Koma achemwali atangokweza mawu m'kachipinda kawo ka kuseri kwa khitchini, Madamu anathamangirako. Anati pa chikhulupiriro chawo kulira mofuula kumavutitsa wakufayo, komanso mwana wawo wagona. Munthu alire ndi maso, osati ndi pakamwa.

Lachisanu lathu litakwana ndinakawachingamira pokwerera basi ku Karama. Anatsika atavala mpango wakuda. Atangondiona anataya kachikwama kawo pansi, nandigwira m'khosi, nayamba: "Amayi ineee!" Sanafike patali. Mwini sitolo ya nsalu anatuluka, amuna ena oima pamthunzi anatembenuka, ndipo mmodzi anabwera pafupi n'kufunsa mwachifundo ndithu kuti, "Sister, problem? Police?" Wantchito wa m'nyumba akamva mawu akuti polisi, magazi amauma. Achemwali anatseka pakamwa ngati awomba chitseko. Tinatola kachikwama kaja n'kukalowa m'kalesitilanti, kumene tinamwa tiyi wa mkaka osayang'anana.

Kuchokera pamenepo anayamba kutha. Diresi limene linkawathina linayamba kulendewera. Anawotcha ndi simbi mkanjo woyera wa abwana aamuna, chinthu chimene sanachitepo zaka zonsezo. Pa foni ankatha kukhala chete mpaka ine kuganiza kuti yaduka.

"Achemwali, mulipo?"

"Ndilipo. Amayi andikhala pakhosi apa. Ndikameza madzi ndimawamva."

Monga namwino ndinayamba kuwerengera matenda, ndinatchula zakuti akayezetse magazi. Anandidula.

"Iwe, usandiyese wodwala wako. Undipezere phiri."

Ndinati bwanji tipite kuchipululu, si patali, kulibe anthu. Anaseka koyamba chimwalirire amayi, kuseka kouma. "Amayi ako anabadwira mumchenga? Ndikalire pa mchenga ngati ngamila?" Nyumba yathu kumudzi ili m'tsinde mwa phiri. Azimayi akalira pabwalo pathu phiri limabweza mawu, ndipo midzi ya kutsidya imadziwa kuti kwagwa zovuta wina asanatumidwe. Achemwali ankafuna chimenecho, ndipo ine ndinamvetsa.

Panali bambo wina wa ku Machinga, woyendetsa galimoto ya kampani yogulitsa matailosi, amene Amalawi tonse a ku Karama tinkamuti achimwene. Ntchito yake inamuyendetsa misewu yonse. Nditamufotokozera anandiuza za kadziko kena kumpoto, kachidutswa ka dziko la Oman kodzipatula pakokha, kamene ndi mapiri okhaokha otsetserekera m'nyanja. Anati kumeneko mbuzi n'zambiri kuposa anthu. Ukanyamuka m'mawa, madzulo wabwerako. Chofunika ndi pasipoti basi, chifukwa pali malire.

"Ine ndikakusiyani pamwamba, ndikakhala m'galimoto, magalasi otseka," anatero. "Inu mulire mpaka mbuzi zithawe. Mukati khalas, tatha, ine ndiliza injini."

Ulendowo unandilowa m'mutu moti ndinkadzuka nawo, kugona nawo. Achemwali ankandiimbira masana Madamu akagona, akunong'ona, ndipo tinkakangana ngati tikukonza ukwati. Ine ndinati tigule biriyani ya pa Karama tikadye kumeneko. Iwo anati, "Wapenga? Unaona kuti anthu akudya mpunga wa zokometsera pa maliro a mayi awo?" Tinagwirizana za nyemba, buledi, ndi tiyi wa kwathu amene ndinkasunga m'sutikesi. Anati tinyamule zitenje ziwiri zofanana zimene amayi anatitumizira chaka chapitacho, zomwe zonse zinali kwa ine chifukwa kwa Madamu ankavala yunifolomu. Anasankha ndi nyimbo yomwe ya kutchalitchi yoti tikaimbe tikatha kulira. Masabata amenewo mawu awo anabwerera, ndipo tsiku lina anandiuza kuti amaliza mbale yonse ya chakudya.

Chinatsala ndi pasipoti. Yanga inali m'manja mwanga. Ya achemwali inali m'kabati yokhoma ya abwana awo kuyambira tsiku limene anatsika ndege, monga zinkakhalira ndi antchito a m'nyumba ambiri masiku amenewo. Iwo ankaopa kuipempha. Ine ndinawalimbitsa mtima. Ndinati, achemwali, awa ndi maliro. Kwathu ukatchula maliro ngakhale bwana wouma mtima chotani amakumasula, ena amabwereketsa ndi lole yomwe. Ndani angakanize munthu kukalira mayi ake? Ndipo popeza nkhani yaikulu munthu sadzinenera yekha, amatuma mbale, ndinati ndipita ndine.

Ndinapita Lachinayi madzulo nditaweruka. Ndinavala chitenje pamwamba pa diresi, ndipo atandilowetsa pabalaza ndinagwada m'mphepete mwa kapeti monga ndikanachitira kwa apongozi. Madamu anadzidzimuka, anati dzuka, dzuka, khala pampando. Ine ndinaumirira pansi pomwepo, ndikuganiza kuti ndikuwalemekeza. Ndinafotokoza zonse m'Chingerezi changa cha kuchipatala: amayi, mwambo wathu, phiri, tsiku limodzi lokha. Ankagwedeza mutu mwachisoni mpaka nditatchula pasipoti. Pamenepo nkhope inasintha.

"Dziko lina? Ndi ndani?"

Ndinati ndi dalaivala wina wa kwathu, munthu wokhulupirika.

"Mwamuna?"

Anayang'ana achemwali amene anaima pakhomo la khitchini atapinda manja, nandiyang'ananso ine pansi paja. Kenako anati, "Inshallah," Mulungu akalola, nauza achemwali kuti andipatse madzi ozizira ndisanapite.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti chaka chomwecho wantchito wa nyumba yoyandikana nayo anali atathawa, ndipo azimayi a mumsewu umenewo ankangokamba zomwezo. Kwa Madamu, mlendo wogwada, pasipoti, malire ndi mwamuna wa galimoto zinali nkhani imodzi yodziwika kale mathero ake. Madamu anafunsa achemwali usiku womwewo kuti namwino wophunzira angagwadire munthu chifukwa chiyani ngati sakubisa kanthu. Lachisanu limene tinapangana kunabwera alendo, achemwali sanatuluke. Mwezi wotsatira anauzidwa kuti kuyambira tsopano azipumira m'nyumba momwemo, ndipo akafuna kutuluka azituluka ndi banja lonse. Geti linayamba kukhomedwa masana. Tinapita kukapempha tsiku limodzi, tinabwerako atatilanda ndi Lachisanu lomwe tinali nalo kale.

Ndinakwiya koopsa. Ndinakwiyira Madamu, ndinakwiyira mzinda wonsewo ndi magalasi ake, ndinakwiyira ngakhale amayi posankha kufa ife tili kutali. Foni za masana zinachepa. Itabwera ina, achemwali analankhula mofulumira, mawu ataphwanso ngati poyamba paja.

"Pita iwe. Achimwene aja asataye tsiku lawo pachabe. Ukalire za tonse awiri."

Ndinakana, iwo anaumirira, ndipo wamkulu akaumirira wamng'ono amapita.

Tinanyamuka m'mawa, achimwene atabwerako ku mapemphero a mbandakucha. Nyemba ndi buledi zinali kumbuyo, zitenje zonse ziwiri pamiyendo panga. Tinadutsa Sharjah, tinadutsa mchenga wosatha. Titayandikira Ras Al Khaimah ndinaona mapiri akutuluka m'chifunga cha fumbi kudzanja lamanja, aatali, oti ukhoza kuwafika ndi miyendo kuchokera pamsewu.

"Tafika?" ndinafunsa.

"Ayi, awa ndi a konkuno. Malire akadali kutsogolo."



"Achimwene, mapiri awa safuna pasipoti?"

"Awa? Ayi. Munthu ungoimika galimoto n'kuyamba kukwera."

"Nanga bwanji simunanene?"

Anachepetsa liwiro, nandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti nayenso zangomufikira kumene. "Mlongo wanga, munati mukufuna phiri lenileni, kopanda anthu. Ine ndinafuna ndikupatseni abwino kwambiri." Anapukusa mutu, natchula dzina la Mulungu chapansipansi. Ndinafuna kumutukwana, koma ndimutukwane chiyani munthu wopereka tsiku lake lopuma ndi mafuta ake? Ndinangoyang'ana mapiriwo akudutsa pawindo, limodzi ndi limodzi, onse aulere.

Pamalire anadinda pasipoti yanga osandifunsa kanthu. Kadziko kaja kanalidi monga ananenera. Msewu unkakhota m'mphepete mwa nyanja, kenako unakwera. Koma sanali mapiri a kwathu. Panalibe mtengo, panalibe mtsinje, panalibe nkhungu, miyala yotuwa yokhayokha ngati phulusa la pamoto wa dzulo. Achimwene anaimika galimoto pamalo ena okwera, natseka magalasi monga analonjezera. Ndinayenda mpaka galimoto itabisika kuseri kwa thanthwe. Ndinavala chitenje changa, chinacho ndinachiyala pambali panga, ndipo ndinakhala pansi n'kutambasula miyendo.

Ndinaitana: "Amayi!"

Phiri linabweza. Linabweza bwino lomwe, kuposa la kwathu. Ndinadikira kuti chotsatira chibwere chokha, koma sichinabwere. Ndinayesanso, ndinatchula dzina lawo, ndinafunsa kuti atisiya ndi yani, koma mawu ankatuluka ngati ndikuwerenga m'kalasi. M'maso munali gwa. Pamenepo ndinazindikira kuti moyo wanga wonse sindinayambitsepo maliro. Pa maliro a bambo, pa maliro a azakhali, ankayambitsa ndi achemwali, ine n'kulandira. Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana chitenje chopanda munthu, thukuta likutsika kumsana, mbuzi ina ikundiyang'ana ili pamwala. Dzuwa litafika pamutu ndinapinda zitenje n'kubwerera kugalimoto. Achimwene anandiyang'ana kumaso n'kuliza injini. Nyemba zija tinabwerera nazo osatsegula.

Ndinawapempha kuti andisiye ku Al Twar. Ndinkadziwa kuti dzuwa likamapendeka achemwali amathirira maluwa a pafupi ndi geti. Ndinawapeza pomwepo, paipi ili m'manja, mwana wa Madamu ali kumsana, atagona. Geti linali lokhoma. Anasiya paipi pansi nabwera pa zitsulo.

"Walira?"

"Ayi, achemwali. Panalibe woyambitsa."

Za mapiri a konkuno aja sindinawauze, ndipo mpaka lero sindinawauzebe. Ndinalowetsa chitenje chawo pakati pa zitsulo. Anachilandira, anachinunkhiza, kenako anatulutsa manja onse awiri n'kundigwira m'mikono. Anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukhala pansi, mosamala kuti mwana asadzuke, ndipo ine ndinatsika nawo kunja kwa geti. Anakweza nkhope, natsegula pakamwa ponse monga amachitira azimayi a kwathu, mitsempha ya m'khosi itaima, koma mawu osatuluka ngakhale amodzi. Ndinaona milomo yawo ikunena kuti amayi ine. Ndinalandira momwemo, chopanda mawu. Madzi a m'paipi ankayenda pansi, kunyowetsa yunifolomu yawo, kutulukira pansi pa geti mpaka pa mawondo anga.

M'nyumba muja munamveka mawu oitana. Achemwali anandisiya manja, anapukuta nkhope ndi chitenje chija, n'kuyankha ndi mawu oyera bwino, "Yes, Madam!" Anadzuka, anakonza mwana kumsana, anatseka mpopi, nalowa.

Ndinatsala nditakhala pa simenti yotentha, kudikira mopusa kuti mwina wina abwera kudzandigwira paphewa n'kunena kuti basi, zachitika. Palibe anabwera, ndipo mdima utayamba ndinanyamuka kukafuna basi ya ku Karama.