Gwape wa Malume Orval Anadumpha Mpanda

Malume anga, a Orval Stuckey, akwanitsa zaka 71 ali pa famu yomwe anabadwira, kumpoto kwa Missouri, ku America. Amalima chimanga ndi soya. Agwape amawadyera mbewu chaka chonse, iwo n'kudzabwezera mu Novembala nyengo yosaka ikatsegulidwa. Pa za malamulo ndi munthu wosamala, mwinanso mopitirira. Chiphaso chosakira amatenga ngakhale munda ndi wawo, ndipo akapha nyama amayamba adziwitsa boma asanaisende.

"Bambo awa akanatha, bwenzi akupempha chilolezo kwa gwape yemweyo," amatero akazi awo, a Verna.

Zaka ziwiri zapitazo ndinapita nawo kokasaka. Dzanja lawo linanjenjemera, chipolopolo n'kulowa m'mimba mwa gwape m'malo mwa pamtima. Nyamayo inadumpha mpanda wa waya n'kukagwa m'munda woyandikana nawo. Mundawu kale unali wa mnzawo wapaubwana, ndipo ankangolowerana osafunsana. Mnzawoyo atamwalira, ana ake anaugulitsa kwa a Pruitt a mumzinda, omwe anapaka mitengo ya m'malire utoto wapepo. Kwathu utoto umenewo ndi chikwangwani choletsa kulowa. Ngakhale nyama waiwombera wekha, sungaitsatire mwini malo asanavomere.

Ndinaimbira a Pruitt kanayi, osayankha. Gwape uja tinkamuona ali gone pansi pa mtengo, akuponda miyendo.

"Malume, mukangodumpha apa, chiphaso chapita," ndinatero.

"Iwe ndiye unapita kusukulu, tandiuza. Lamulo likuti ndisasiye nyama yovulala. Lomwelo likuti ndisaitsatire. Ndimvere liti?"

"Tidikire pang'ono, mwina aimba."

"Iyeyo akumwa khofi mu ofesi. Nanga uyu, adikire kuti khofi athe?"

Anandipatsa mfuti, n'kukwawa pansi pa waya ndi mpeni wokha. Pa mtengo wina panali kamera ya a Pruitt. Anaiona, ndikutsimikiza, chifukwa anaima n'kuvula chipewa kuti nkhope ioneke bwino. Anamaliza gwape uja, nabwerako chimanjamanja. Anati nyama ili pa malo a mwini, kuinyamula kungakhale kuba. Kenako anaimbira okha woyang'anira zanyama wa boma n'kudzinenera.

A Pruitt anakana kuti nkhani ithere pampanda. Anakananso kuti tikatenge nyamayo, moti inaolera pomwepo. Patatha pafupifupi chaka, malume anaweruzidwa kuti analowa m'malo a mwini popanda chilolezo, ndipo anawalanda chiphaso kwa chaka chimodzi.

Chakacho chinatha sabata yatha. Ndinawabweretsera fomu yoti atengere chiphaso china. Anaiwerenga yonse bwinobwino, n'kuyang'ana dzanja lawo.

"Likadzanjenjemeranso, mpanda ukadali pomwe paja," anatero.

Fomu ija ili pa tebulo mpaka lero, sanasaine. Nyengo yosaka ikutsegulidwa Loweruka.