Sukulu ya Mphwanga Pamaso pa Bwana wa Hotela

Mphwanga anandipeza ku Dubai atanyamula digiri ya ku America, ine ndikukolopa m'hotela. Digiriyo inali ya zamalonda, koma mtima wake unali pa kaphunziro kena kongowonjezera, kotchedwa Latino studies. Akuti ankaphunzira za moyo wa anthu a ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo amene amakagwira ntchito ku America. Ndinamufunsa ngati Chisipanishi amachitha. Ayi ndithu, moni yekha. Zaka zonsezo kuwerenga za umphawi wa eni ake, ngati kwathu ku Ntcheu unatha!

Viza yake inali yongocheza, ndipo masiku ankatha. Ankagona pansi m'chipinda chathu ku Karama, mutu pafupi ndi nsapato za anzanga. Ndinamugwadira bwana wathu mpaka anavomera kumulemba pa desiki yolandirira alendo, ntchito ya tayi, imene ine sindinkailota n'komwe.

Tsiku losaina ndinamuperekeza. Bwana anatambasula dzanja kuti alandire pasipoti, poti pathu zinali choncho: ukalembedwa, pasipoti imakagona m'kabati ya kampani. Mphwanga anaikumbatira pachifuwa.

"Achimwene, izi ndinaziwerenga," anandinong'oneza. "Wakulanda pasipoti wakumanga miyendo."

"Iwe, walira mvula walira matope. Pereka!"

Kupereka? Anatembenukira kwa bwana n'kuyamba kumulalikira m'Chingerezi cha m'mphuno za anthu othyola zipatso ku California, mmene amawapanikizira, mmene amawopera kudandaula. Ine thukuta kamukamu, manyazi atandigwira. Kodi ankayesa ife sitikuzidziwa? Tinkazidziwa popanda mayeso, n'kumadya ndithu. Bwana anamvetsera pang'ono, anayang'ana wotchi, n'kuti, "Khalas." Basi, nkhani yatha. Anaitana Mmwenye wina amene ankadikira ntchito yomweyo pakhomo, ndipo iyeyo anaika pasipoti patebulo asanafunsidwe.

Ndinakwiya kwambiri moti sindinamuyankhule mpaka viza inatha. Phindu la kaphunziro kaja ndi limenelo: kumuphunzitsa mwana wa mlimi kukana ntchito. Aphunzitsi ake aja anatsala m'maofesi awo ozizira, iye akubwerera kumudzi chimanjamanja.

Pabwalo la ndege anandigwira dzanja n'kufunsa ngati ndidzabwera pa Khirisimasi, poti mayi sanali bwino. Funso lopusa, la munthu wophunzira. Ndinamuuza kuti ndikapempha kaye pasipoti yanga kwa bwana.