Chilembo chimene ndinadula

Ndinaphunzitsa ana kulemba zaka zanga zonse za ntchito, ku Nsamala ndi ku Rivirivi, koma akazi anga anamwalira asanalembepo dzina lawo pagulu. Mlandu wake ndi wanga, ndipo umboni ndili nawo: mapepala khumi ndi anayi ong'ambidwa m'kope, lililonse ndinalembapo tsiku lake pakona.

Iwo anakulira ku Chiuta, akuyanika nsomba, sukulu osaipondako. Paliponse pofunika kusaina ankadinda chala, osadandaula. Zinasintha mwana wa mng'ono wawo atapeza banja. Alongo awo onse anali atatha, choncho abale anasankha iwo kukhala nkhoswe, ndipo nkhoswe imasaina m'buku la kutchalitchi anthu akuona.

"Bambo, ndiphunzitseni," anatero. "Ndisakadetse buku la ansembe ndi chala."

Kunali kutatsala miyezi iwiri. Akachoka kudimba masana, ankakhala pakhonde ndi pensulo, kukopera dzina limene ndawalembera pamwamba. Ankaigwira ngati mpeni wotumbulira nsomba. Pepala loyamba ndi lobooka malo atatu. Pa lachisanu ndi chiwiri zilembo zayamba kukhala pamzere. Lakhumi ndi chitatu ndikanalichonga popanda kukayika.

Pa lomaliza ndinawauza kuti alembe osaonera. Analemba bwinobwino, koma patsogolo pa dzina anaikapo "a". Palibe anawauza. Anatenga chilembo cha m'kati mwa dzina n'kuchiikanso patsogolo, chifukwa ndi mmene ankalimvera. Chikwatiwire, panalibe amene anawaitanapo popanda "a".

Ndinatenga cholembera chofiira n'kudula.

"Munthu sadzilemekeza yekha, mayi. Akakusekani."

"Ndiye ndilembe dzina la ndani, aphunzitsi?"

"Lanu lomweli, monga lilili pa chiphaso."

"Iyayi. Lopanda mutu limenelo ankandiitana nalo ndikuyenda wopanda nsalu."

Ndinaseka. Tsiku lomwelo kunabwera mnzanga wa kuntchito, ndipo ndinamuonetsa pepalalo iwo akutithirira tiyi. Tinaseka awiri.

Mawa lake pensulo sanaigwire. Masabata atatu otsalawo anapita chomwecho. Ine ndinkadziwa kuposa aliyense kuti dzanja limene laphunzira mwezi umodzi silisunga kanthu likapuma. Ndakhala ndikukalipira makolo ambiri pa nkhani yomweyi. Koma ndinangodikira kuti andipemphenso.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi ichi. Munthu amene wamva liwu, n'kupeza yekha chilembo chake, n'kuchiika pamalo pake, sakukoperanso ayi, wayamba kulemba. Ana ena amatha teremu yonse asanafike pamenepo. Ine, mphunzitsi wa satifiketi, ndinachiona n'kuchiyesa cholakwa.

Tsiku la ukwati mlembi wa mpingo anawapatsa akazi anga cholembera. Anachigwira bwino, monga ndinawaphunzitsira. Anachiika papepala, n'kuima. Sindikudziwa ngati anaiwala kapena ankasowa chilembo choyambira. Anatembenuka kundiyang'ana. Mlembi uja sanadikire ngakhale kanthawi kochepa, anangowakankhira kabokosi ka inki, maso ali kwa wotsatira. Anadinda.

Kumadyerero anapereka moni kwa anthu onse atapinda chala chija m'kati mwa dzanja.

Pobwerera, tili awiri pamsewu, ndinati, "Lolemba tiyambirenso. Mudzalembe mmene mukufunira."

Anakonza nsalu yawo paphewa, osandiyang'ana.

"Ukwati wapita, aphunzitsi."