Soketi ya M'nyumba ya Esiteti

Amuna anga ankagwira ntchito m'fakitale ya tiyi, kuchipinda chosefera, kumene fumbi limakhala ndi pansidze pomwe. Chifuwa chinawayamba ana akadali ang'ono. Kenako zinafika poti ankachita befu pongomanga nsapato, ndipo chiperoni chikabwera, mluzu wa m'chifuwa mwawo ndinkaumva ndili kukhitchini.

Kuchipatala anati mapapo anaonongeka, sadzachira. Achemwali awo a ku Joni ndiwo anatumiza nebulaiza, kamakina kosandutsa mankhwala kukhala nkhungu yoti munthu apume. Anesi anandiphunzitsa kasamalidwe kake, ndipo ndinkakalera ngati khanda. Amuna anga akatha kupuma mankhwalawo, ndinkatsuka kakapu ka mankhwala ndi masiki m'madzi ofunda a sopo, n'kuyanika pansalu yoyera m'nyumba. Paipi yake sinkafuna madzi. Anansi odzabwereka ndinkawakana m'maso muli gwa, mpaka ndinatchuka m'malayini monse a nyumba za esiteti kuti ndine womana. Ndinalibe nazo ntchito.

Koma kamakinako kamayendera magetsi. Magetsi anali m'nyumba ya esiteti, ndipo nyumba ya esiteti ndi ya munthu amene ali pantchito. Ukasiya, umapereka makiyi. Kumudzi kwathu ku Changata, kumene tikanapita, mawaya sanafike.

Choncho m'mawa uliwonse amuna anga ankakhala pampando, masiki kumaso, makina akulira, akatero n'kuvala ovololo kubwerera kufumbi komwe kuja. Zinkandipsetsa mtima koopsa.

Kumbuyo kwa kamakinako kuli kasefa koyera ngati thonje. Tsiku lina pofuna kukasintha ndinapeza kafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinakaika padzanja pawo.

"Taonani, bambo. Aka sikapita kufakitale, kamangokhala m'nyumba muno. Nanga inu m'katimo muli bwanji? Siyani ntchito, tizipita kumudzi."

"Kumudziko tikakalumikiza pati, mayi? Patsinde la nthochi?"

Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ine n'kuthamangira kusoketi ndikulalata.

Anagwirabe ntchito mpaka miyendo inatupa, osathanso kukwera chitunda cha kufakitale. Akapitawo anabwera okha, chipewa m'manja, kudzatiuza mwaulemu kuti nyumba ikufunika. Sindinawapatse mpando.

Tinasamuka m'nyengo yozizira. Kamakinako ndinakanyamula pamiyendo m'lole, nditakakulunga m'chitenje chatsopano, ngati kuti kukagwira ntchito kumene tikupitako.

Titafika kumudzi, chifuwa chitawatseka koyamba, anandikodola.

"Ndivekeni basi, mayi."

"Popanda magetsi, bambo?"

"Ndivekeni."

Ndinawaveka masikiyo, yoyera bwinobwino monga mwa nthawi zonse. Anagwira paipi n'kuyang'ana khoma ladothi, mapewa akukwera ndi kutsika, akudikira phokoso lija. Ndinachita mantha, ndipo ndinalibe china chowapatsa. Ndinakhala kumbuyo kwawo, ndinatseka milomo, n'kuyamba kung'ung'udza monga kamakinako kankalirira.

Munthu wanthabwala uja sanaseke. Anatsinzina, n'kuyamba kukoka mpweya pang'onopang'ono monga anesi anawaphunzitsira.